Mlandu wa Mphindi Imodzi: Ochemerera, Oyimbira ndi Osewera a Rugby League

Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mwambi umenewu umanena za mafumu ndi ena onse oweruza milandu ya anthu, koma umamuyenera kwambiri munthu amene amanyamula wezulo pa bwalo la masewero. Mfumu imaweruza itakhala pansi, itamva mbali zonse ziwiri, ndipo ikafuna imatha kuimitsa mlandu mpaka mawa. Woyimbira masewero amaweruza akuthamanga, thukuta lili kamukamu, pamaso pa mboni zikwizikwi zimene zidasankha kale mbali yake zisanachoke kunyumba.

Lero, awerengi, tikambirane za masewero a rugby league, amene ndi otchuka kumpoto kwa England, kum'mawa kwa Australia, ku New Zealand ndi ku Papua New Guinea, ndipo tione m'mene ochemerera a kumeneko amaweruzira oyimbira ndi osewera awo. Masewerowa amatenga mphindi 80, koma tiona kuti khamu limakonda kuzenga mlandu wa mphindi imodzi yokha ndi kuusenzetsa munthu mmodzi.

Masewero a anthu a m'migodi

Kuti timvetse ukali wa ochemerera, tiyambe tadziwa kumene masewerowa adachokera. Pa 29 Ogasiti 1895 nthumwi za matimu a kumpoto kwa England zidakumana mu George Hotel, m'tauni ya Huddersfield, ndipo matimu 22 adapatuka ku bungwe la Rugby Football Union. Mkangano udali wa ndalama. Osewera ambiri a kumpoto adali anthu ogwira ntchito m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale oomba nsalu, ndipo akajomba ku ntchito Loweruka kuti akasewere, malipiro a tsikulo ankawadula. Matimu awo adafuna kuti aziwabwezera ndalama zimenezi, koma akuluakulu a bungwelo, amene ambiri adali anthu opeza bwino, adakana kwamtuwagalu. Opatukawo adapanga malamulo awoawo, ndipo m'chaka cha 1908 masewero atsopanowa adayambanso mu mzinda wa Sydney ku Australia.

Kuyambira pamenepo timu idasanduka chuma cha mudzi wonse. M'matauni ngati Wigan, St Helens, Castleford ndi Featherstone munthu amabadwira m'timu monga m'mene amabadwira m'banja, kotero kuti agogo, bambo ndi mdzukulu amakhala mbali imodzi ya bwalo. Ku Sydney, timu ya South Sydney itachotsedwa m'ligi kumapeto kwa chaka cha 1999, anthu miyandamiyanda adayenda m'misewu ya mzindawo kusonyeza kukwiya kwawo, nkhani idapita ku makhoti, ndipo timuyo idabwerera m'chaka cha 2002. Anthu otere simungawauze kuti kugonja kwa timu yawo ndi nkhani ya masewero chabe.

Kwa ife amene tidazolowera mpira wa miyendo, malamulo ake mwachidule ndi awa. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 13. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira. Amaunyamula m'manja n'kumathamanga nawo, koma popatsirana saloledwa kuuponyera kutsogolo. Wosewera akaugunditsa pansi pa mzere wa adani kapena kuseri kwake, wagoletsa chimene amachitcha try, ya mapointi 4, ndipo timu yake imapatsidwa mwayi womenya mpira pamwamba pa mtengo wopingasa wa golo kuti iwonjezere mapointi 2. Lamulo lalikulu n'lakuti timu yokhala ndi mpira imaloledwa kugwetsedwa kasanu ndi kamodzi basi. Ikalephera kugoletsa, mpira umapita kwa anzawo. N'chifukwa chake akagwetsedwa kasanu amakonda kuumenya ndi phazi. Koma mdani akaugwira kapena kuuphaphatiza, n'kubwereranso kwa eni ake, kuwerenga kumayambiranso. Wowerenga ndi woyimbira. Iye yemweyo ayenera kuona kuti otchinga abwerera m'mbuyo mamita 10 nthawi iliyonse munthu akagwetsedwa, kuti palibe amene wagwira mnzake m'khosi kapena kumutu, ndi kuti mpira sudagwere kutsogolo kuchokera m'manja. Zonsezi zimachitika kambirimbiri m'masewero amodzi, pakati pa anyamata amphamvu othamanga ngati mphepo.

Dzanja la Ben Cummins

Pa 6 Okutobala 2019, pa bwalo la Stadium Australia mu mzinda wa Sydney, matimu a Sydney Roosters ndi Canberra Raiders adakumana m'masewero omaliza olimbirana ukatswiri wa NRL, imene ndi ligi yaikulu ya ku Australia. A Canberra adali asanatengeko chikhochi chiyambire 1994, kotero ochemerera awo adakhamukira ku Sydney atavala zobiriwira, ali ndi njala ya zaka 25.

Kutatsala mphindi zosakwana 10, matimu adali ofanana mphamvu, 8 kwa 8. A Canberra, atagwetsedwa kasanu pafupi ndi mzere wa Roosters, adamenya mpira m'mwamba. Osewera a mbali zonse adaulumphira, mpira udanjanja n'kubwerera m'manja mwa a Canberra. Woyimbira wamkulu, Ben Cummins, poganiza kuti wakhudzidwa ndi wosewera wa Roosters, adagwedeza dzanja m'mwamba, chizindikiro chakuti kuwerenga kwayambiranso. Masiku amenewo ligi ya NRL inkaika oyimbira awiri m'bwalo, ndipo wachiwiriyo, Gerard Sutton, adamuuza nthawi yomweyo kuti mpira udagunda phewa la wosewera wa Canberra. Cummins adasintha chigamulo nafuula kuti kugwetsedwa kotsatira ndi komaliza. Koma m'phokoso la anthu oposa 80,000 mawu ake sadapite patali. Jack Wighton wa Canberra, amene adali ataona dzanja loyamba lija, adalola kugwetsedwa ndi mpira poyesa kuti timu yake ikadali ndi mipata ina. Mpira udaperekedwa kwa Roosters, ndipo pasanapite nthawi James Tedesco adagoletsa try kumbali ina ya bwalo. Roosters idapambana 14 kwa 8.

Ochemerera a Canberra, pamodzi ndi anthu ambiri amene sachemerera timuyo n'komwe, adagamula kuti woyimbira wawalanda chikho. Akuluakulu a ligi, kudzera mwa Graham Annesley, adati chigamulo chachiwiricho ndicho chidali cholondola, pakuti zithunzi zidaonetsa kuti mpira udachokeradi pa wosewera wa Canberra. Komabe dandaulo la ochemerera lidali ndi maziko. Madzi akatayika saoleka: wosewera akaona chizindikiro amachitapo kanthu pompo, ndipo Wighton akadadziwa zoona akadaumenyanso mpirawo m'malo molola kugwetsedwa.

Koma pali zina zimene khamu silikonda kuzikumbukira. M'chigawo chachiwiri cha masewero omwewo Cooper Cronk wa Roosters adatulutsidwa m'bwalo kwa mphindi 10, ndipo a Canberra, ali 13 polimbana ndi anthu 12, adalephera kugoletsa try. Adangopeza mapointi 2 a chilango. Ndiponso mpira utaperekedwa kwa Roosters, timuyo idali kutali ndi mzere wa Canberra, ndipo udadutsa m'manja mwa Luke Keary, Latrell Mitchell ndi Daniel Tupou usanafike kwa Tedesco, otchinga onse a Canberra ali m'bwalo. Mphunzitsi wa Canberra, Ricky Stuart, amene adapwetekedwa mtima kuposa wochemerera wina aliyense, adakana kudzudzula oyimbira pamaso pa atolankhani usiku umenewo. Koma anthu ena sadadziletse motero. Patapita nthawi Cummins adaulula poyera kuti adadzitsekera m'nyumba kwa sabata yathunthu, tulo osabwera, ndi kuti a pabanja pake nawonso adalandira mawu achipongwe kuchokera kwa anthu osawadziwa.

Woweruza bwino naye alangidwa

Wina angati Cummins adadziputira yekha posokoneza chizindikiro. Tsono tione nkhani ya Matt Cecchin. Pa 25 Novembala 2017, pa bwalo la Mt Smart mu mzinda wa Auckland, dziko laling'ono la Tonga lidakumana ndi England m'ndime yachiwiri kwa yomaliza ya chikho cha dziko lonse. Bwalo lidafiira ndi mbendera za Tonga. England idatsogola 20 kwa 0, koma m'mphindi zomaliza anyamata a Tonga adagoletsa katatu motsatizana mpaka kufika 20 kwa 18. Nthawi itatsala pang'ono kutha, Andrew Fifita wa Tonga adathamangira ku mzere, mpira udamupulumuka pamene Elliott Whitehead ankamugwira, iye adautolanso naugunditsa kuseri kwa mzere. Cecchin adagamula kuti Fifita wagwetsera mpira kutsogolo, ndipo adathetsa masewero osapempha woweruza wa pa kanema kuti aonenso.

Ochemerera a Tonga adati Whitehead ndiye adakwatula mpirawo, choncho try idayenera kuloledwa, kapena woyimbira akadafunsako mnzake wa pa kanema. Akuluakulu a oyimbira ataunika zithunzi adati Cecchin adaweruza bwino. Izi sizidamuthandize. Adalandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa mpaka apolisi adalowererapo, ndipo m'chaka cha 2018 adalengeza kuti akusiya kuyimbira m'ligi ya NRL, ngakhale kuti pambuyo pake adabwereranso kufikira 2021. Apa ndiye pamene pali choopsa. Ngati woyimbira wolakwa ndi woyimbira wolondola onse akulandira malipiro amodzi a chipongwe, ndiye kuti khamu lasiya kufunsa za lamulo, likungofuna woti alipire chisoni chake. Nanga mnyamata kapena mtsikana amene akuona zimenezi angakhumbe bwanji kuphunzira ntchito ya wezulo?

Kamera sidathetse mkangano

Rugby league idali m'gulu la masewero oyambirira kupempha thandizo la makamera. Ligi ya Super League ya ku England itayamba m'chaka cha 1996 idakhazikitsa woweruza wa pa kanema, amene amaonanso zithunzi try ikakhala yokayikitsa. Ku Australia, m'chaka cha 2016, adatsegula chipinda chapadera mu Sydney chotchedwa Bunker, kumene oweruza amaona masewero kuchokera ku makamera ambiri nthawi imodzi. M'chaka cha 2020 adawonjezera lamulo lolola kaputeni wa timu kutsutsa chigamulo cha woyimbira kuti chikaunikidwe pa kanema. Anthu adayembekeza kuti mikangano itha, koma idangosamuka. Kale ankadandaula kuti woyimbira sadaone. Tsopano amadandaula kuti a m'chipindacho achedwetsa masewero, kapena kuti agamula mosiyana ndi m'mene adagamulira sabata yapita.

Chifukwa chake n'chakuti malamulo ambiri amafuna nzeru za munthu, ndipo chithunzi pachokha sichiweruza. Titenge chitsanzo cha mpira woponyedwa kutsogolo, umene ochemerera amaukuwira kuposa china chilichonse. Munthu amene ali pa lole yothamanga akaponyera lalanje chakumbuyo pang'ono, woimirira m'mbali mwa msewu amaona lalanjelo likupitabe kutsogolo chifukwa cha liwiro la lole. Chimodzimodzinso wosewera wothamanga. Lamulo limayang'ana kumene manja ake adalozetsa mpira, pamene wochemerera amayang'ana mizere ya pansi. Onse awiri aona zoona, koma aweruza zosiyana.

Nawonso oyimbira amalakwadi, ndipo izi sitingazibise. Mu Sepitembala 2013, m'masewero achipulula, oyimbira adasokoneza kuwerenga ndipo timu ya Cronulla Sharks idagoletsa try pa mpata wachisanu ndi chiwiri, umene malamulo saulola. Cronulla idapambana 20 kwa 18, North Queensland Cowboys idatuluka mu mpikisano, ndipo ligi idavomera kuti padali kulakwitsa. Ochemerera a Cowboys adalira kuti matimu a ku Sydney amakonderedwa. Koma mu Julayi 2022 Cowboys yomweyo, ikugonja 26 kwa 25 kwa Wests Tigers nthawi itatha, idatsutsa chigamulo, a m'chipinda cha Bunker adaipatsa mpira wa chilango, ndipo Valentine Holmes adaumenya bwino n'kupambana 27 kwa 26. M'mawa mwake ligi idavomera kuti chilangocho sichidayenere kuperekedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wochemerera amasunga bwino kaundula wa ngongole zimene oyimbira ali nazo kwa iye, koma mphatso zimene adalandira m'manja mwawo saziwerengera.

Nkhonya zina zigwera osewera

Woyimbira akapanda chifukwa, khamu limatembenukira kwa wosewera. Pa 11 Meyi 1968, pa bwalo la Wembley mu London, matimu a Leeds ndi Wakefield Trinity adalimbirana chikho cha Challenge Cup. Mvula idagwa yamphamvu mpaka bwalo lidasanduka dambo. Chakumapeto woyimbira adapatsa Leeds try ponena kuti wosewera wawo John Atkinson watchingiridwa mosayenera, chigamulo chimene anthu a ku Wakefield sadachilandire. Koma m'mphindi yomaliza Ken Hirst wa Wakefield adagoletsa try pafupi ndi mitengo ya golo. Masiku amenewo try idali ya mapointi 3, kotero Leeds idatsogolabe 11 kwa 10, ndipo chotsala chidali kumenya mpira kuchokera kutsogolo kwa golo kuti Wakefield itenge chikho.

Womenya adali Don Fox, amene adasenza udindowu chifukwa mbale wake Neil Fox, katswiri pa ntchitoyi, adali wovulala. Atolankhani adali atasankha kale Don Fox kukhala wosewera bwino koposa onse pa tsikulo, woyenera mphotho ya Lance Todd Trophy. Pa nthaka yoterera ija mpira udapita pambali, masewero n'kuthera pomwepo. Fox adasewera zaka zambiri mwaluso, adavalapo yunifolomu ya Great Britain, koma mpaka pamene adamwalira m'chaka cha 2008 dzina lake likatchulidwa anthu ambiri ankayamba akumbukira mpira umodzi umenewo.

Nkhani ya Ben Hunt ikuonetsa bwino koposa m'mene chikumbumtima cha khamu chimasankhira. Pa 4 Okutobala 2015, m'masewero omaliza a NRL, timu yake ya Brisbane Broncos idatsogola 16 kwa 12 mpaka masekondi omaliza, pamene Kyle Feldt wa North Queensland Cowboys adagoletsa try pakona. Johnathan Thurston, kaputeni wa Cowboys, adali ndi mwayi wotsiriza nkhani yonse, koma mpira umene adamenya udagunda mtengo wa golo. Matimu atafanana 16 kwa 16 adawonjezera nthawi, ndi lamulo lakuti woyamba kupeza pointi ndiye wapambana. Mpira woyambira nthawi yowonjezerayi udalunjika kwa Hunt, ndipo udamupulumuka m'manja. Posakhalitsa Thurston adamenya mpira wa pointi imodzi, Cowboys n'kupambana 17 kwa 16.

Taonani tsono. Anthu awiri adaphonya motsatizana, mphindi zochepa chabe pakati pawo. Mmodzi adapeza mwayi wachiwiri usiku womwewo ndipo adalandira mendulo ya Clive Churchill, ya wosewera bwino koposa. Winayo sadaupeze, ndipo kwa zaka zambiri ochemerera a matimu ena ankamukumbutsa za tsikulo nthawi iliyonse mpira ukakwera m'mwamba. Za otchinga amene adalephera kuletsa try ya Feldt, imene idabweretsa nthawi yowonjezerayo, sizinkamveka kwenikweni. Hunt sadafooke. M'chaka cha 2022, m'masewero a State of Origin, amene amachitika chaka ndi chaka pakati pa zigawo za Queensland ndi New South Wales, iye adawakha mpira womenyedwa ndi Nathan Cleary nathamanga nawo kupitirira theka la bwalo, kutsimikizira Queensland chipambano cha 22 kwa 12. Ndipo m'chaka cha 2025, patatha zaka 10, adali m'timu ya Broncos imene idagonjetsa Melbourne Storm 26 kwa 22 n'kutenga chikho. Manja adali omwewo; chimene chidasintha ndi mphindi imene anthu adasankha kuikumbukira.

Malo a mawu a wochemerera

Tisamveke ngati tikuti ochemerera atseke pakamwa. Iwo ndiwo amalipira pakhomo, ndiwo adapulumutsa South Sydney, ndipo popanda phokoso lawo masewero angakhale ngati ukwati wopanda nthungululu. Kudandaula kwawo kwakakamizapo akuluakulu a ligi kutuluka poyera n'kufotokoza zigamulo, kuvomera pamene alakwa, ndi kukonza malamulo. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, choncho wosewera wolandira malipiro ndi woyimbira wa ligi yaikulu ayenera kuyembekezera kuti ntchito yawo idzaunikidwa ndi kudzudzulidwa.

Koma kudzudzula chigamulo n'kosiyana ndi kusaka munthu. M'chaka cha 1988, pa bwalo la Lang Park mu Brisbane, woyimbira Mick Stone atatulutsa Wally Lewis, kaputeni wokondedwa wa Queensland, ochemerera adagenda zitini za mowa m'bwalo mpaka masewero adaima. Pa Lachisanu Loyera la 2015, timu ya Canterbury Bulldogs itagonja 18 kwa 17 kwa South Sydney chifukwa cha chilango chimene kaputeni wake James Graham adapalamula kumapeto, ena mwa ochemerera adagenda oyimbira ndi mabotolo, ndipo mmodzi wa owathandiza adavulala. Palibe pointi ngakhale imodzi imene idabwezedwa chifukwa cha zitini kapena mabotolo amenewo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wochemerera wofuna kuweruza mwachilungamo ayambe wafunsa chimene lamulo likunena, chifukwa ambiri okuwa sadaliwerengepo. Afunsenso chimene woyimbira akadatha kuona pamene adaima, kamodzi kokha, popanda chithunzi chobwerezedwa pang'onopang'ono. Kenaka afunse chimene timu yake idachita m'mphindi 79 zinazo. Akatero adzapeza kuti nthawi zina woyimbira adalakwadi, monga zidachitikira mu 2013 ndi mu 2022, ndipo adzakhala ndi ufulu wonse wonena choncho momveka. Koma kawirikawiri adzapeza kuti chikho chidatayika pang'onopang'ono, m'manja mwa anthu ambiri.

Inu aphunzitsi, amene ambiri mwa inu mumanyamula wezulo pa masewero a ana asukulu, mukudziwa kulemera kwa kachipangizo kameneka pamene makolo a mbali zonse akukuwa m'mphepete mwa bwalo. Phunzitsani ana malamulo a masewero pamodzi ndi luso lake, ndipo nthawi zina mupatseko mwana mmodzi wezulo kuti alawe yekha. Mwana amene adayimbirapo masewero ngakhale kamodzi sadzafulumira kutola botolo akadzakula.